Anandiombera M'manja Chifukwa cha Adriano

Mande, 4 Julayi 2016

Adriano ali m'selo. Mlongo wanga weniweni, wondipondera pamutu. Amene anapita kupolisi ndine.

Pa Chisanu anakankha amai, anagwera pamtondo. Chifukwa anamubisira botolo la mankhwala a chifuwa, aja amamwa ngati madzi pamwamba pa chamba. Amai anatupa nthiti. Ine mtima pheee sunakhale. Ndinauza wapolisi kuti mumuopseze chabe, kenako tipite naye kuchipatala. M'bwato lake anapezamo kapepala ka chamba. Akuti kulemera kwake kwapitirira, ndi mlandu wogulitsa. Belo palibe.

Adriano sanagulitsepo chamba. Amasuta chonse yekha.

Chitatu, 6 Julayi

Ndamuperekera mbatata ndi nsomba ya pende yokazinga. Sanadye. Manja akunjenjemera, thukuta m'nyengo yozizira ino. Maso ngati a mbuzi yomangidwa.

Sadziwa kuti ndine. Akuganiza kuti ndi Dismas, mnzake wopha naye nsomba. Anati, "Mana Vero, mlongo wanga, ndikatuluka Dismas adzandiona." Ine ndinangovindikira mbale.

Amai adziwa. Sandiyankhula. Madzi osamba ndikawateketsera amawasiya mpaka azizire.

Sondo, 10 Julayi

Misa itatha ba Edna, anesi a ku kiliniki, anandikokera pansi pa mtengo wa mtondo wa patchalitchi. Sindinawauze kanthu, koma tauni yathu ya Boma ndi yaing'ono. Anati, "Ukanabwera kwa ine poyamba. Uja ndi wodwala. Tikanalemba kalata ya kuchipatala ku Lusaka." Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Kiliniki ili pafupi kuposa polisi. Ndinaidutsa tsiku lija, nsapato zili m'manja, ndikuthamanga.

Bwato la Dismas ena aliboola. Anzake a Adriano. Mkazi wa Dismas ali ndi pakati. Ndakhala chete ndithu.

Chiweru, 16 Julayi

Sindifuna kulemba izi.

Msonkhano wa ofuna ukhansala, pabwalo la pamsika. Ndinatseka mashini osokera, madiresi a ukwati osatha, ndinapita kukangoonerera. Woyamba, mphunzitsi wopuma ntchito uja, anati osuta asamatsekeredwe, boma litipatse munthu wowathandiza pa kiliniki, ndende ikhale ya ogulitsa akuluakulu odutsa pamtsinje. Anthu anakuwa, "Nayenso asuta! Khansala wa chamba!" Ine ndinaseka nawo.

Kenako ba Langford. Anati onse akaole m'ndende, Luangwa iyere. Basi ndinangomva dzina langa pachimkuzamawu. "Verónica ali pano? Mkazi uyu anapereka mlongo wake yekha! Imirira, mwana wanga, akuone!"

Ndinaimirira. Nthungululu. M'manja. Azimai anandiveka chitenge cha chipani paphewa. Ndipo choipa ndi ichi: zinandikomera. Masabata awiri munthu osandiyang'ana bwino, ndiye bwalo lonse likundiombera. Ndinamwetulira. Mano onse panja.

Dismas anali kutsogolo, pamzere wa ogulitsa nsomba zouma. Anandiyang'ana, n'kulavula pansi.

Mande, 18 Julayi

Kwa Dismas m'mawa. Anali kumata bwato ndi phula. Ndinagwada pamchenga. Anati, "Imirira, ukundichititsa manyazi." Kenako, "Ukanangonena pa Chitatu paja, Adriano atanditchula m'selo." Osatinso china.

Kuselo masana. Adriano wamva. Anauza wapolisi kuti mbale ibwerere. Yabwerera yodzaza.

Chisanu, 22 Julayi

Kalata yabwera. Ndine mboni ya boma pa 29. Ndikaime m'bokosi, ndilumbire, ndimuloze.

Ba Langford atuma mkazi wao kuti ndikayankhulenso ku Mburuma, galimoto ilipo. Ndati mutu. Pawailesi ya oyandikana nawo akukangana zomwezi, wina ndende, wina chipatala. Onse amati "anthu amenewa". Palibe amene anamuchapirapo matewera.

Ndasoka mkono wa diresi chagada. Kusomola konse.

Chisanu, 29 Julayi

Sindinaime m'bokosi. Atangowerenga mlandu Adriano anati, "Ndavomera." Wa boma anati ndiye mboni sizifunika.

Waonda, khosi ngati la kakowa. Koma manja sakunjenjemeranso. Ba Edna anabwera ndi yunifomu, anapempha kuyankhula. Majisitireti anawamvera mpaka kumapeto, n'kunena kuti akumva, koma lamulo lawamanga manja. Chaka ndi miyezi isanu ndi umodzi.

Pokwera lole anadutsa pafupi nane. Osandiyang'ana. Anangoti, "Sindinafune kuti uimirirenso pagulu." Sindidziwa ngati chinali chifundo kapena mbama. Mwina zonse.

Uko adzapeza ndani womufunsa chimene chinamuyambitsa? Atate atamira iye ndiye anali nawo m'bwato. Papita zaka zisanu ndi chimodzi. Ngakhale ine sindinamufunsepo.

Chiwiri, 9 Ogasiti

Mkuja mavoti. Magalimoto a zipani fumbi lokhalokha. Ba Edna akulembetsa maina, kupempha kuti aliyense amene apambane atibweretsere wothandiza osuta. Ndalemba langa. Ndine wachisanu ndi chinayi chabe.

Madzulo ano amai ayankhula. Ndinali kutsuka mbale, iwo akusankha nyemba, nkhope pansi. Anati, "Ine ndinafikapo pageti la polisi. Kawiri. Chaka chatha, ndi tsiku lija anandigwetsa. Ndinabwerera." Anataya kamwala. "Iwe unalowa."

Ndinadikira kuti apitirize. Anangondisunthira lichero kuti ndiwathandize.

Tasankha mpaka kutha. Ati pa Chiweru tikwera basi ya ku Lusaka tonse awiri kukamuona Adriano kundende, ndikonze bulangeti lake lija. Ndawafunsa kuti nanga akakana kundiona?

Ati ndiye udzaima panja, ine ndidzalowa.