Fumbi la Adada

Tembwe, Chama
14 Ogasiti 2024

Okondedwa alongo anga a Bornwell,

Ndikhulupirira muli bwino ku Lusaka pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno thonje tagulitsa, ndipo amama mwendo uja wasiya kuvuta.

Ndili ndi nkhani imene sinandichoke m'mutu. Mwezi watha kunabwera anthu ofufuza za matenda a kuntchito, otsogoleredwa ndi mayi wina dzina lawo a Damaris. Ankayenda m'midzi kufunsa aliyense ntchito zonse zimene anagwirapo chibadwire. Amuna anga a Justin anawamangirira kamakina pachifuwa tsiku limene ankasenza thonje ku depoti, kakupuma mpweya umene iwo akupuma. Madzulo anatsegula. Kapepala kamene kanalowa koyera kanatuluka kotuwa ngati phulusa. Ndinakayang'ana nthawi yaitali. Munthu tsiku limodzi lokha, nanga zaka?

Atafika kwa adada, ndinaganiza kuti akana, mukudziwa mmene alili. Koma anakhala pansi pa mtengo wa mango nayamba kulankhula. Alongo, ine sindinkadziwa kuti adada anatsikapo mumgodi pansi pa nthaka mpaka kumene mwala umatentha ngati chiwaya. Anati akaphulitsa miyala, fumbi linkabisa nyali ya mnzako ali pafupi pomwepa, ndipo ankamanga kansalu konyowa pamphuno n'kulowa. Anatchula anzawo a mumgodi mmodzimmodzi, kwawo, ndi mmene aliyense anafera. Ambiri chinali chifuwa. Ife tinakula tikudya za ntchito imeneyo osafunsa.

A Damaris anafotokoza kuti sangaloze munthu n'kunena kuti uyu adzadwala. Koma akasonkhanitsa mayankho a kuno, a ku Kambombo, a ku migodi ndi a dziko lonse, amatha kudziwa kuti mwa anthu ogwira ntchito yakutiyakuti, angati adzapezeka ndi khansa zaka zambiri kutsogolo.

Adada anafunsa kuti, "Manje mukuwerenga odwala amene sanayambe kudwala?"

Iwo anati, "Inde adada, kuti ena mwa iwo asadzadwale."

Adada anati, "Ndiye ine mundiwerenge bwino."

Ndinaganiza za anthu amene lero akuseka, akukwera njinga, ena sanakwatire n'komwe, koma alipo kale m'chiwerengerocho popanda dzina.

Pomva chifuwa cha adada, a Damaris anatilangiza kupita kuchipatala chachikulu. Tinapita ku Chipata, anawajambula, ndipo tabwerako ndi mankhwala ochepetsa ululu. Zimene adokotala ananena adada akuti adzakuuzani okha. Ine ndalonjeza kusalemba.

Pempho langa ndi ili. Kumene mumaphwanya miyala uko, chophimba pamphuno chija muzivala, ngakhale kutenthe bwanji, ngakhale anzanu aziseka. Ndipo musadikire Khirisimasi. Bwerani mvula isanatseke msewu.

Amama akupereka moni. A Justin akupereka moni. Adada ndawafunsa kuti ndilembe chiyani, akuti mubwere ndi Abel, akufuna kumuona mdzukulu wawo akuyenda, ndiponso akuti njinga yawo aikonza, ndi yanu.

Ndine mlongo wanu,
Vainess