Kiyi wa Chipinda cha Jerome

Randburg, Joni
14 Ogasiti, 1988

Okondedwa achemwali anga a Anastazia,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani mwapezako mphamvu, inu ndi amayi ndi alamu athu a Mariya. Ine kuno thupi lili bwino, ndikudzuka ndi kupita ku ntchito. Musadabwe kuti envelopu ikulemera mbali imodzi. Muli kiyi, ndamukulunga m'kansalu. Musamuonetse munthu musanafike kumapeto, ndipo muwerenge muli nokha, osati pakhonde pomwe aliyense wodutsa amafuna kumva za ku Joni.

Telegalamu ija inangoti Jerome wamwalira pa ngozi ya moto. Si bodza ayi. Koma mawuwo anasankha ndi a Aloysius, mkulu wa bungwe lathu la maliro la Amalawi kuno, ndipo anandilangiza kuti nkhani ithere pomwepo, ndisawonjezere chisoni pa chisoni. Ndayesa kuwamvera milungu itatu, zandikanika. Inu mumandidziwa, pakamwa panga sipanasungepo kanthu chibadwire. Ndikufuna mudziwe momwe mlongo wathu anafera, kenako muone ngati ndikadali woyenera kuponda pakhomo pa amayi.

Ine ndi Jerome tinkakhala chipinda chimodzi ku Joubert Park, m'nyumba yosanjikana kasanu. Pa lamulo, dera limenelo ndi la azungu. Akuda timakhalamo mozemba, nanji ife Amalawi opanda mapepala. Apolisi akabwera amagogoda chitseko chilichonse, koma chomwe chili ndi loko kunja amachidutsa poganiza kuti eni ake ali ku ntchito. Ndiye anthu anapeza nzeru. Wogwira ntchito usiku akamagona masana, mnzake amamutsekera kunja ndi loko n'kupita ndi kiyi. Sitinayambitse ndife, tinazipeza zikuchitika. Pa nsanja yathu yachinayi maloko ankalendewera zitseko zambiri, ndipo tonse tinkadziwa chitseko chomwe kumbuyo kwake kuli munthu.

Jerome anali mlonda pamalo ogulitsira magalimoto. Ankafika m'mawa maso ali psu, ine n'kumupatsa tiyi, n'kumutsekera, n'kuthamangira basi ya ku Randburg. Mukudziwa kuti mwana uja analibe tsiku lopanda nthabwala. Ankati, "Kwathu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma ine ndikamva m'mimba ndimadikira Agnesi abwere ku Randburg." Ine ndinkamuuza kuti chidebe chilipo, asandisokose. Tinakhala choncho zaka ziwiri, ndipo apolisi anadutsa pa chitseko chathu katatu konse iye ali m'kati akuliza mkonono.

Lachinayi ndi tsiku lomwe ife antchito a m'nyumba timapuma. Pa 21 Julaye ndinamutsekera monga mwa masiku onse, n'kupita cha ku Park Station kukafuna juzi ya amayi, poti panali munthu wobwera kumudzi. Ndinamva magalimoto a ozimitsa moto akulira, koma sindinatembenuke n'komwe. Kuno amalira tsiku lililonse ngati atambala kwathu. Ndinali ndikukangana ndi wogulitsa za mtundu wa juzi pomwe mayi wina analoza utsi, ndipo nditayang'ana ndinaona kuti ukuchokera mumsewu wathu.

Akuti moto unayambira pa nsanja yachiwiri, pa chitofu cha palafini cha munthu yemwe ankawotha, poti Julaye wa kuno amazizira mpaka m'mafupa. Pofika ine, anali atamanga kale chingwe mumsewu. Magalimoto ofiira analipo atatu, makwerero ataimikidwa, ozimitsa moto akutsitsa ana pa mawindo. Amuna amenewo anagwira ntchito, achemwali, sindingawanenere zoipa. Koma pambali pawo panaima apolisi ndi galimoto yawo ya mawaya yonyamulira omangidwa.

Mkulu wa ozimitsa moto, mzungu wa ndevu zofiirira, anafunsa woyang'anira nyumba ngati m'mwamba mwatsala munthu. Iye anati ayi, onse a pa nsanja yachinayi atuluka, zitseko zotsala ndi za maloko, eni ake ali ku ntchito. Tonse tinamva, ndipo tonse tinkadziwa kuti si zoona. Panali anthu oposa zana pamenepo koma aliyense anangoti zii, maso ku galimoto ya apolisi.

Inenso ndinakhala chete. Ichi ndiye chomwe a Aloysius safuna kuti ndilembe. Kiyi anali m'dzanja langa, ndipo m'mutu mwanga munabwera zopusa. Ndinaganiza kuti mwina moto sufika m'mwamba, kuti ndikalankhula atigwira tonse awiri n'kutibweza kumudzi manja ali lende, kuti mwina wina ayamba kunena. Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Tryphina, yemwe anali pafupi nane, akuti sizinakwane mphindi ziwiri. Ameneyu ndi mayi wa kutchalitchi kwathu, wobadwira konkuno, bambo ake anali a ku Ntcheu a m'migodi. Ndi munthu wachifundo, ndiye mawerengedwe ake a mphindi sindiwakhulupirira.

Kenako ndinangozindikira ndadutsa pansi pa chingwe, kiyi ndamukweza m'mwamba. Chizungu chonse chomwe ndimalankhula ndi adona anga chinandithawa. Ndinangoti, "Muli anthu. M'zipinda za maloko muli anthu." Tryphina ndiye anamasulira. Mzungu uja anayang'ana kiyi, anayang'ana ine, nkhope yake inasintha. Anatumiza amuna anayi ndi nkhwangwa ndi chitsulo chodulira maloko. Anathyola zitseko zisanu ndi zinayi, natulutsa anthu atatu. Awiri anali akupuma. Wachitatu anali Jerome.

Ku maliro, a Aloysius anauza anthu kuti utsi unamutenga ali m'tulo, sanamve kanthu. Nanenso ndinafuna kukhulupirira. Koma ndinali nditafunsa kale mmodzi wa omwe anakwera, bambo wachikuda wotchedwa Hendrick, pomwe ankakulunga mapaipi awo. Poyamba anazemba, koma ndinamugwira malaya. Anati anamupeza pansi pafupi ndi chitseko, atavala nsapato. Anawonjeza kuti utsi unali utadzaza kale iwo asanafike, kuti ngakhale ndikanalankhula msanga sizikanasintha kanthu. Mwina ndi zoona. Mwina anangoona nkhope yanga. Chomwe ndikudziwa n'chakuti mlongo wathu anadzuka, anavala nsapato, nadikira kuti ndimutsegulire.

Anthu khumi ndi mmodzi anafa tsiku limenelo. Otsalafe anatitengera ku holo ya tchalitchi, komwe tinakhala masiku asanu ndi anayi. Amayi a mipingo yosiyanasiyana anabwera ndi mabulangete, buledi, supu ndi milu ya zovala, ndipo anamwino awiri ankatsuka mabala pakona. Koma taonani mantha athu. Pakhomo anaika tebulo ndi buku loti aliyense alembetse dzina kuti alandire thandizo, ndipo tsiku loyamba analembetsa anthu asanu ndi atatu okha, m'holo modzaza. Bambo wina anabisa dzanja lopsa m'jekete masiku awiri poopa kufunsidwa kwawo. Tryphina ataona zimenezi anatseka bukulo nati, "Hayi, dzina sitidya. Nenani nambala ya chipinda ndi saizi ya nsapato basi." Pamenepo m'pomwe mzere unafika mpaka panja.

Apolisi sanandigwire, ndipo chifukwa chake sindichidziwa. Ndinangoona mzungu wa ndevu uja akulankhula nawo mokalipa, iwo n'kukwera galimoto yawo. Ku mochale a Aloysius ankafuna kuti Tryphina akasaine, poti iye ali ndi mapepala. Ndinakana. Ndinapita ndekha, ndipo ndinatchula dzina lake lenileni, Jerome Gwaza wa ku Dedza, osati la Chizulu lomwe ankagwirira ntchito. Dzina lenilenilo ndi lomwe lili pa mtanda wake. Amalawi anabwera ambiri, ena kuchokera ku Zandspruit, ndipo tinamuimbira nyimbo za kwathu mpaka dothi lomaliza.

Chomwe chinandipweteka koposa chinachitika m'holo muja. Mmodzi wa awiri opulumuka aja ndi Vusi, yemwe ankaphika buledi usiku. Amayi ake anabwera kuchokera kutali, anandifunafuna, nandigwadira pamaso pa anthu. Anandifunditsa bulangete latsopano akuti ndapulumutsa mwana wawo. Ndinalandira ndi manja awiri monga amayi anatiphunzitsira, koma mtima wanga unali kukuwa. Bulangetelo lili pansi pa bedi, sindinalifundepo.

Anthu a m'nyumba yathu tsopano anawapezera malo kwina, pafupi pomwepo. Lachinayi lapitali ndinakawaona, ndipo ndinapeza maloko ayamba kale kulendewera. Ndinakwiya, ndinalalata makwerero onse. Mayi wina anangondiyang'ana nati, "Nanga titani, sisi? Apolisi anapsa nawo?" Chomwe tinagwirizana n'chakuti makiyi onse azisiyidwa m'chitini kwa a Rukiya, omwe amagulitsa zipatso pakhomo tsiku lonse, ndipo alonjeza kuti iwo sadzadikira kufunsidwa. Ine ndasamukira ku kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya adona anga. Loko anandipatsa, koma ali pawindo.

Mwambo wathu ndi woti katundu wa malemu abwerere kumudzi kuti abale aone ndi kugwira. Jerome anali ndi sutikesi yomwe ankadzazamo nsalu za a Mariya ndi nsapato za ana, zoti abwere nazo pa Khirisimasi. Zonse zinapsa. A Aloysius anati tigule shati, tiichape kangapo kuti ioneke yovalidwa, titumize ngati yake. Ananena ndi mtima wabwino, koma sindingalole kuti alamu azilirira shati ya m'sitolo. Chinthu chokha cha m'chipinda chija chomwe chinatsala ndi chimene chinali m'dzanja langa. N'chifukwa chake ndatumiza kiyiyu.

Inu ndinu wamkulu, achemwali, ndipo mtima wa amayi mumaudziwa kuposa ine. Muone nokha ngati angathe kumva zimenezi, ndi tsiku loti muwauze. Juzi yawo ija sindinagule, ndipo sindinathe kubwereranso pamalo paja. Mukandilembera kuti ndibwere pa Khirisimasi, ndidzabwera. Mukati ndiyambe ndadikira, ndidzadikira, ndipo sindidzakuimbani mlandu.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndikudya. Moni kwa amalume ndi kwa onse omwe anagona pa siwa. Ana a Jerome muwagwire m'mutu m'malo mwanga. Koma alamu a Mariya musawapatse moni wanga tsopano. Muyambe mwawauza, muwaike kiyiyu m'manja, kenako muwapatse moniwo. Akaulandira, mundidziwitse, ngakhale ndi mzere umodzi wokha.

Ndine mng'ono wanu amene ndinatseka chitseko,
Agnesi