Za Ndaziona ndi Kanema wa ku Linda

Linda, Livingstone
14 Epulo 1996

Okondedwa Achimwene,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu ndi wa ana onse kwathu ku Katete. Kodi mwendo uja unapondedwa ndi ngolo unapola, kapena mukuuberekabe kumunda osamva za anthu monga mwa khalidwe lanu? Ine kuno ndiliko. Malungo anandigwetsa mwezi wathawu, koma ndadzuka ndipo ndabwerera ku ntchito. Madzi adzaza ku mathithi, ndiye alendo achuluka ku hotela. Matawulo onyowa sakutha, moti manja angawa akwinyika ndi sopo.

Ndikudziwa kuti kalatayi akuwerengerani ndi alamu. Alamu, chonde muwerenge muli awiriwiri m'nyumba, osati pabwalo pomwe pali ana.

Uthenga wanu unandipeza kudzera mwa Boniface, kondakitala wa basi ya ku Lusaka uja, amene amafikanso kuno kawirikawiri. Anandiuza kuti mwana wanga Ndaziona walepheranso giledi folo, kuti aphunzitsi anena kuti mutu wake ndi wouma, ndipo inu mwagamula kuti asiye sukulu. Akuti mukakolola alowa chinamwali, ndipo pali bambo wina wa ng'ombe amene wayamba kale kufunsira. Achimwene, tsiku limenelo sindinadye. Mwanayo ali ndi zaka khumi ndi zitatu zokha.

Sindikulemba kuti ndikangane nanu. Inu ndinu mwini mbumba. Chimwalirireni bambo ake, mwamudyetsa ndi kumuveka ndinu, ine ndili kuno kuchapa zovala za eni. Mawu anu sindingawalumphe, ndipo sindingatenge mwana pakhomo panu ngati wakuba. Ndikungopempha kuti mumve zimene ndinaona Loweruka lapitali.

Ku holo ya tchalitchi chathu kunabwera mphunzitsi wina wachizimayi, a Mutinta Choongo, amene amaphunzitsa ana ovutika kuwerenga. Anabweretsa wailesi yakanema ndi makina ake oikamo tepi, zonse atazikweza pa wilibala. Anyamata a mu Linda anadzaza mipando yakutsogolo poganiza kuti ndi filimu yomenyana. Ataona kuti mukuoneka kalasi ndi bolodi, anatsonya n'kutuluka, ife akuluakulu tinapeza pokhala. Ineyo sindinapite ndi cholinga. Ndinangoperekeza mnzanga Namasiku, woyandikana naye nyumba, amene safuna kuyenda yekha.

M'kanemamo munali kamtsikana ka msinkhu wa Ndaziona. Kakamalemba, zilembo zina zimayang'ana kumbuyo. Kakamawerenga, kamalumpha mizere, kenako kamangoti duu, misozi ili lengelenge. Koma atakafotokozera nkhani pakamwa, kanaibwereza yonse osasiya kanthu. Kanemayo anali wa Chingerezi, choncho a Mutinta ankamuimitsa pafupipafupi n'kumatimasulira m'Chinyanja ndi m'Chitonga.

Anatiuza kuti ana otere si opusa, si aulesi, ndiponso sanalodzedwe. Amabadwa choncho, monga mmene wina amabadwira wamanzere. Nzeru ali nazo, koma zilembo zimawasokonekera m'maso, ndipo chikoti chimangowonjezera mantha. Anatinso nthawi zambiri vutoli limayenda m'magazi, mumalipeza kwa mwana, kwa malume ake, mwina kwa agogo. Kenako tinaona mphunzitsi wa m'kanemamo atathira mchenga m'thireyi, kamtsikana kaja kakulemba chilembo ndi chala uku kakuchitchula mokweza, mobwerezabwereza. Chakumapeto kanawerenga tsamba lathunthu, pang'onopang'ono, koma kanafika.

Kanema atatha, anaimirira bambo wina wa imvi, a Wamundila, mlonda wa ku njanji amene tonse timamuopa chifukwa saseka ndi munthu. Anayang'ana a Mutinta nati, "Ba ticha, uja mwana ni ine. Manje munali kuti kale?" Anakhala pansi n'kuphimba nkhope ndi chipewa. Palibe anaseka, ngakhale anyamata ochepa amene anatsalira kukhomo.

Ine ndinali nditayamba kale kulira, mpaka Namasiku anandibwereka mpango. Ndinaona Ndaziona ali wamng'ono, akulemba dzina lake pansi ndi kamtengo, chilembo choyamba chitatembenuka. Ndinakumbukiranso kuti nyimbo ya kwaya amaimva kamodzi kokha, mawa lake akuiimba yonse potunga madzi, pamene ife a mabuku m'manja tikusochera pa ndime yachiwiri.

Koma Achimwene, mundikhululukire, sindinaone Ndaziona yekha. Ndinaonanso inu. Ndinali wamng'ono, koma sindinaiwale mmene munkabwerera kusukulu manja atatupa, osatha kugwira ngakhale chikho. Sindinaiwale tsiku lija munabisala m'nkhokwe kuyambira m'mawa, bambo akukufunani mudzi wonse. Amayi anakutengerani kwa sing'anga amene anakutemani mphini m'mbali mwa mutu akuti kuti mutu utseguke. Anzanu atazindikira chifukwa cha mphinizo, anakupatsani dzina loti Chidzete, ndipo munasiya sukulu chaka chomwecho. Mpaka lero chipewa simuvula pagulu, ndipo ine ndimadziwa chimene chimabisa.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'choti amayi anapita kumanda akukhulupirira kuti anabala mwana wopanda nzeru. Ankakukondani kuposa tonsefe, koma ankakukondani momvera chisoni. Ndikanakonda akanakhala nane m'holo muja, amve ndi makutu awo kuti panalibe cholakwika chimene mphini zikanachiza.

N'chifukwa chake sindikukuonani ngati wankhanza pa nkhani ya Ndaziona. Ndikudziwa kuti mukamuona akubwera kusukulu atazyolika, mumakumbukira zanu, ndipo mukufuna kumuchotsa pa chikoti. Mtima umenewo ndikuuthokoza. Koma ukwati pa msinkhu wakewo ndi chikoti china, ndipo chimenecho sichiweruka masana. Akalowa m'nyumba ya bambo wa ng'ombeyo, adzakalamba ngati a Wamundila, akufunsa kuti anthu munali kuti.

Anthu atabalalika ndinatsalira kuti ndilankhule ndi a Mutinta. Ndinawapempha kuti andibwereke tepiyo ndikutumizireni, mwina mukanaonera kwa a Zulu a golosale pa batire la galimoto. Anandiyankha kuti ndi imodzi yokhayo, ndipo ikuyembekezeka ku Nottie Broadie ndi m'makomboni ena, moti yayamba kale kuchita mizere chifukwa choonetsedwa kwambiri. Choncho maso anu pa nkhaniyi ndine, ndipo mukudziwa kuti pa zinthu zonse zimene mumandinena, bodza mulibemo.

Sanandilonjeze zodabwitsa. Anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwana wotere angatenge zaka kuti awerenge bwino, mwinanso sadzathamanga ngati anzake. Koma ali ndi kagulu ka ana amene amawaphunzitsa masana ndi mchenga uja, ndipo avomera kumusungira malo Ndaziona mpaka sukulu zikatsegulira mwezi wamawa. Akapanda kufika, malowo apatsa wina, pakuti makolo amene anaona kanemayo akuwapanikiza.

Pempho langa ndi limodzi. Muwauze a ng'ombewo kuti mwana sanakhwime, ndipo mumulole abwere kuno. Chinamwali sindikukana, mwambo ndi wathu, adzalowa nthawi yake ikakwana ndipo ine ndidzabwera kudzaphika nawo. Mukavomera, mumukweze basi ya Boniface. Ine ndikamuchingamira ku Lusaka, tidzabwere limodzi pa sitima. Chipinda changa n'chimodzi ndipo denga limadontha pakona, koma mphasa yachiwiri ilipo. Mukakana, sindidzakutukwanani, koma ndidzalira, ndipo ndanena poyera kuti mudziwiretu.

Yankho mumuuze Boniface pakamwa, musavutike ndi kufuna wolemba.

Mundiperekere moni kwa azakhali ku Chimtende, muwauze kuti mafuta opaka m'mawondo aja ndikuwafunafuna. Moni kwa amalume aang'ono, kwa apongozi anu, ndi kwa ana onse, makamaka Yotamu amene ndamva kuti tsopano amamanga yekha ng'ombe pa goli.

Ndaziona mumuitane, mumuuze kuti amayi ake ati iye si chidzete, ndipo sanakhalepo chidzete. Alamu, mukafika pamenepa muime kaye kuwerenga. Mawu omwewo muwauzenso amene akhala pambali panuwo, mochita kuwayang'ana kumaso, chifukwa chibadwire chawo palibe amene anawauzapo.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Falesi