Chingwe cha Inzhu chikudikira chikho

Aphungu,

Ndikudziwa kuti tsamba lanu si la zamasewera, koma chonde musataye kalatayi. Funso langa ndi ili: kodi timu yathu ya hoke, masewera a ndodo a pa ayezi aja, itenga chikho chaka chino? Ngati si chaka chino, ndi liti? Musaseke, miyendo ya mwana wanga yakodwa m'nkhani imeneyi.

Ine ndimagulitsa mankhwala m'sitolo ya pafupi ndi siteshoni, mwamuna wanga Tolegen amayendetsa kireni, chimakina chonyamula katundu wolemera, ku fakitale yoyenga mkuwa. Mwana wathu woyamba, Inzhu, anaponya phazi mu Seputembala. Monga mwa mwambo wa kwathu kuno, tinayenera kumumanga miyendo ndi chingwe chakuda ndi choyera, n'kuitana munthu wa mwayi, woyenda mwachangu, kuti adzadule, mwanayo atengere mayendedwe ake, asamapunthwe pamoyo. Apongozi anga anapota chingwecho sabata yomweyo. Nyama ya hatchi ya phwandolo tinali titaitanitsa kale kumudzi.

Wodula tinali titamusankha tonse popanda mkangano: Mirat, kaputeni wa timu yathu. Iye ndi Tolegen anakulira mdadada umodzi, anaphunzirira kuterereka pa ayezi wa pabwalo la m'tauni mwathu muno, nsapato zoterera ankabwerekana. Tolegen analowa fakitale, Mirat anapitiriza hoke. Wasewerera timu yathu moyo wake wonse, koma chikho sanachigwirepo. Kamodzi kokha anafika ndime yotsiriza, n'kugonja.

Ndiye tsiku lomuuza, tinamuitanira tiyi, pamodzi ndi anzawo ena a ubwana. Nkhani ili pakati, Tolegen anadzuka, kapu ili m'manja, n'kunena kuti, "Chingwe cha mwana wanga adula ndi ngwazi! Mirat, iwe, ubweretse chikho mu Epulo, uchiike patebulo pano, ndiye ndikupatse mpeni." Anthu anaseka, anawomba m'manja. Mirat naye anaseka, nati, "Aise, ukundigwiritsa ganyu?" Anagwirana chanza. Ine ndinkayesa nthabwala za amuna. M'mawa mwake ndinaona Tolegen akuika chingwecho pamwamba pa kabati.

Pano tili kumapeto kwa Febuluwale, Inzhu akuthamanga nyumba yonse, ndipo akugwa ngati mwana aliyense. Koma kwa apongozi, kugwa kulikonse ndi mlandu. Akangomva kuti phi, amachokera kukhitchini manja ali ndi ufa: "Mwaona? Akugwa chifukwa miyendo njomanga! Akadzakula anthu azidzamufunsa kuti kodi chingwe chako anadula ndani, adzayankha chiyani? Kuti chidakali pa kabati?" Amakalipira ine, pomwe wolumbira ndi mwana wawo. Ndikamuuza Tolegen, yankho ndi limodzi: "Mayi a Inzhu, mwamuna salankhula kawiri. Chaka chino ndi chathu, ungodekha."

Poti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndinayamba kupita nawo kubwalo kuti ndizionere ndekha. Aphungu, ndinapita ndi mkwiyo, ndabwerako ndi chidwi! Kale ndinkangoona amuna akugundana, kampira kophwatalala kaja sindinkakaona n'komwe. Pano ndimadziwa kuti wina akalowa m'kabokosi ka chilango, anzake otsala amavutika bwanji. Ndaona kuti goloboyi wathu, kamnyamata ka ku Semey, ndi mphaka weniweni. Ndaonanso kuti m'zigawo ziwiri zoyamba mwa zitatu za masewera anyamata athu amauluka, koma chikafika chachitatu amakoka miyendo, zigoli n'kumalowa motsatizana. Nditamuuza Tolegen zimenezi, anandiyang'ana ngati ndatukwana mayi ake. Tamaliza pa nambala yachinayi, ndipo ndime ya chipulula iyamba sabata ziwiri zikubwerazi.

Ndafunsafunsa. Malume ake a Tolegen, a Serikbai, anamwaza nyemba zawo zowombezera pa nsalu yoyera, anaziunjika timilu, anasinkhasinkha, n'kunena kuti, "Njira yatseguka, mlendo akubwera ndi katundu wonyezimira." Apongozi anawayankha kuti, "Achimwene, chaka chatha munanenanso zomwezo, tinagonja ndime yoyamba." A Serikbai anati, "Njira inatseguka ndithu, anyamatawo ndi amene sanadutsemo." Mnzanga wa kuntchito, Olesya, anandionetsa pafoni kuti akatswiri owerengera akutipatsa mwayi umodzi mwa khumi. Wa takisi wina anangoti, "Chemwali, musavutike, chikho chimapita komwe kuli ndalama." Aliyense akulankhula motsimikiza, koma palibe awiri akugwirizana. Kodi zinthu zimenezi zimadziwikadi? Munthu amayang'ana chiyani? Ndikufunitsitsa kumvetsa.

Pali kanthu kena kamene sindinamuuze aliyense. Mayi ake a Mirat amakhala m'munsi mwathu m'nyumba yosanja imene tikukhalamo, ndiye kale akabwera kudzawaona ankakwera kwathu kudzamwa tiyi, n'kumuika Inzhu paphewa. Chiyambire Disembala sanakwerenso. Sabata yatha tinakumana naye pakhomo la mdadada. Inzhu anamuthamangira, n'kugwa chafufumimba m'chipale chofewa. Mirat anamudzutsa, anamusansa, n'kumunyamula, kenako anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Simunadulebe?" Ine pofuna kumusangalatsa ndinati, "Tikudikira inu, alamu, ndi chikho chanu." Sanaseke. Anamutsitsa mwanayo bwinobwino, nati, "Kukuzizira, lowani naye." Anabwerera ku galimoto osalowa n'komwe kwa mayi ake. Ndinaona kuti akutsimphina pang'ono.

Ndiuzeni zoona, Aphungu. Ngati mwayi ulipo, ndipirira mpaka Epulo. Ngati palibe, ndiye ndi zaka zingati? Ndaganizapo zotenga chingwecho Tolegen ali kuntchito, ndikapatse a Serikbai adule, zithe. Koma mtima sukundilola.

Z.K., Zhezbulak

Mayi a Inzhu,

Mwafunsa zoona, nazi: chaka chino chikho simutenga. Ndakhala pa mabenchi ozizira a mabwalo amenewa kuyambira ndili mtsikana, ndaphwetsa mawu, ndalira, ndiye sindikunena mokondwa. Ndime yoyamba mukhoza kudutsa. Yachiwiri mukakumana ndi amene anamaliza pamwamba, ndipo pamenepo ulendo uthera.

Chifukwa chake mwachiona kale ndi maso anu, ndipo ndakunyadirani. Timu yotopa m'chigawo chachitatu mu Febuluwale siichira mu Malichi. M'ndime ya chipulula mumakumana ndi timu imodzimodzi mpaka wina apambane kanayi, lero kwanu, mkuja kwawo, kugona m'sitima, mabala osapola. Pamenepo sipapambana timu ya akatswiri atatu, pamapambana timu imene ngakhale anyamata a kumapeto kwa benchi akhoza kulowa mphunzitsi osagwira mtima. Inu anthu otero mulibe. Otchinga kumbuyo anu akalamba limodzi. Mukafuna kulosera, muziyang'ana zimenezo: benchi, miyendo, ndi zimene timu imachita ikachepekedwa munthu. Nambala ya pa tebulo la ligi ndi ya zakale.

Nanga mwayi umodzi mwa khumi wa Olesya uja ukuchokera kuti? Kwa mphaka wanu wa ku Semey. Hoke ili ndi khalidwe loipa limeneli, kuti goloboyi akatentha mwezi umodzi amatha kunyamula timu yonse pamsana mpaka kumapeto. Zimachitika, ndinazionapo, ndipo n'chifukwa chake tonse timabwererabe kubwalo. Palibe foni kapena nyemba imene ingakuuzeni chaka chimene zichitike. A Serikbai muwasiye, nyemba zawo sizinapwetekepo munthu. Za zaka zikubwerazi, ndinganene zitatu kapena zinayi, ngati goloboyiyo matimu a ku likulu samutenga. Amutenga. Ndipo pofika nthawi imeneyo Inzhu adzakhala akukonzekera sukulu, Mirat atapachika nsapato kalekale.

Tsono tikambe za Mirat, chifukwa nkhani yanu ili pamenepo, ngakhale mwaibisa kumapeto kwa kalata. Mwamuna wanu akuganiza kuti anamulemekeza mnzake. Tamvani mmene mawu ajawa amamvekera kwa munthu amene wathera mawondo ake pa ayezi wa tauni yanu osagwira chikho: mmene uliri pano sukukwana kudula chingwe cha mwana wanga. Tsiku loyamba anaseka, inde, akanatani pamaso pa anthu? Koma masewera aliwonse amene agonja, amadziwa kuti pamwamba pa nyumba ya mayi ake pali kamwana kakumudikira. Munthu ameneyu sanasiye kukukondani. Akuchita manyazi, ndipo inu, mosadziwa, munathira mchere pabalapo. Musadziimbe mlandu, koma musabwerezenso mawu amenewo.

Za kupita kwa a Serikbai mwakabisira, ayi. Mukadula chingwe mseri, mudzaputa nkhondo ya zaka m'banja, ndipo Mirat akadzamva adzati mwamutaya.

Chitani izi. Yambani ndi apongozi, muwauze zimene munaona pakhomo paja, ndipo muwapemphe asiye kuwerenga kugwa kwa mwana. Inzhu akugwa chifukwa ndi mwana, chingwe sichikumukoka kuchokera pa kabati. Mayi amenewa anamuona Mirat akukula, akamva adzakhala mbali yanu. Kenako mukhale ndi Tolegen awiriwiri, atadya, atapuma, osati tsiku limene timu yagonja. Musayambe ndi kulosera kwangaku, adzangotseka makutu, ndipo ine adzanditcha mfiti. Mungomufotokozera za Mirat, mmene anatsitsira mwana, mmene anabwerera osalowa kwa mayi ake. Mumufunse kuti anamuona liti komaliza mnzakeyo atakhala patebulo lanu.

Akati mwamuna salankhula kawiri, mumupatse khomo lotulukira, chifukwa amuna otere amafuna khomo. Ananena kuti adula ndi ngwazi. Chabwino. Amene amatchula ngwazi m'nyumba mwake ndi mwini nyumba. Aitane anthu omwe aja anawomba m'manja, aimirire ndi kapu yake yomweyo, anene kuti waganiza bwino, ngwazi yake ndi imeneyi, chikho chibwere kapena chisabwere. Palibe amene adzamuseke. Amene angaseke, musamupatse nyama.

Kukamuitana Mirat apite Tolegen yekha, ndi miyendo yake, osati pafoni. Mwina Mirat adzayamba wakana, adzati mupeze wina wa mwayi, iye ndi wotsimphina. Amuumirize. Ine mdzukulu wanga anadulidwa chingwe ndi mayi wina wothamanga ngati mphepo, koma mwanayo mpaka lero akapunthwa pang'ono amakhala pansi n'kudikira womudzutsa. Ndikanakhala ndi mwayi wosankhanso, ndikanasankha munthu amene wagwetsedwa kambirimbiri pamaso pa tauni yonse, n'kumabwerabe Seputembala aliyense atamanga nsapato.

Chenjezo langa ndi la nthawi. Muchite mwambowu masewera a chipulula asanayambe, musadikire kuti tione kaye. Akagonja, Mirat sadzabwera ngakhale mumukoke ndi kireni ya mwamuna wanu, adzati mukumumvera chisoni. Akapambana mwamwayi, adzabwera, adzadula, anthu adzavina, koma mpaka imfa sadzadziwa ngati munkafuna iye kapena chikho. Mwatsala ndi masiku awiri okha a Loweruka amene kumuitana kwanu kungatanthauze kanthu.

Ndipo Tolegen akaumabe mutu, mumuyang'ane m'maso, mumufunse funso ili: Inzhu akadzakula, akadzalimbikira ndi mtima wake wonse koma osapambana, bambo ake adzamuuza kuti abwere ndi chiyani patebulo kuti akwane?

Aphungu