Kabatire Kogona Chozondoka

Amayi anga okondedwa,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino. Bondo lija likukusautsanibe? Achemwali anandiuza pafoni kuti mankhwala mumamwa tsiku lokhalo limene mwawakumbukira. Musandiyambe, amayi, imwani monga anakuuzirani adokotala. Ine kuno ndili bwino, chimfine chija chinatha. Eni nyumba akonza denga, moti beseni limene ndinkatchera pafupi ndi bedi labwerera ku ntchito yake yochapira.

Nkhani yaikulu ndi ya kuntchito. Mukudziwa kuti zaka ziwiri ndakhala ndikusita nsalu za pabedi ku kampani yochapa ija, ndipo nditapeza laisensi abwana anavomera kundiyesa pa galimoto yoperekera nsaluzo m'mahotela. Anati andiyesa miyezi itatu, ndikalakwitsa kamodzi kokha ndibwerera ku simbi. Lachiwiri lapitali kunali kutatsala masiku anayi kuti miyeziyo ikwane.

M'mawa umenewo galimoto inakana kutseguka. Kiyi wake si wopotokola ngati wa pachitseko panupo. Ndi kabokosi kakuda ka mabatani, kokwana m'chikhatho, ndipo galimoto ikapanda kukamva siidzuka. Ndinadina, zii. Ndinasendera pafupi n'kudinanso, ziinso. Sindinadabwe, chifukwa mlungu wonse kankachita ulesi. Ndinadziwa kuti kabatire kake katha.

Tili ndi dalaivala wamkulu amene timamutcha a Ndinalipo, chifukwa ngakhale musimbe za tsiku limene munabadwa, iwo analipo. Chiyambireni sanafune kuti ndigwire chiwongolero. Anandilanda kiyi, anakamutsegula kuseri kwa ofesi, kabatire kakale anakataya, n'kuikamo katsopano kochokera m'dirowa ya abwana. Atadina, galimoto inangowayang'ana. Pomwepo anapita kukanena kuti kiyi wafa, ndamulowetsa madzi ndi manja anga a sopo, ndipo kuti iwo ananena kale kuti malo a mkazi ndi pa simbi.

Abwana anatuluka nkhope itagwa. Anati kiyi watsopano amatenga milungu iwiri kuti abwere, pamene nsalu za mahotela atatu zili kale m'matumba. Osandiyang'ana n'komwe, anandiuza kuti ndikatenge epuloni yanga yakale.

Amayi, misozi inafika, koma ndinaibweza. Chimene chinandibwerera m'mutu ndi tebulo la malemu abambo pakhonde, mawotchi a anthu atandandalika pa kansalu koyera. Mukukumbukira mawu awo aja, akuti usanachotse chakale uyambe waona mmene chagonera? Ine amene munkandikalipira kuti ndikuthawa mbale, ndinali kusukulu pa tebulo limenelo.

Ndinapempha mphindi zisanu. Abwana anati andipatsa zitatu. Ndinazula pini m'tsitsi, ndinamulowetsa m'kampata ka m'mbali, ndikupotoza pang'onopang'ono mpaka kabokosi kanagawika pawiri. Mkati munali mouma gwa, mopanda ndi dontho lomwe. Koma kabatire kanali katagona chozondoka. Pa mpando pake pali chizindikiro cha kamtanda chosonyeza mbali yoyenera, ndipo a Ndinalipo, amene ayendetsa galimoto zaka makumi awiri, sanachione. Ndinakatembenuza nditakagwira m'mbali, monga abambo ankachitira kuti thukuta lisakakhudze, n'kutseka mpaka ndinamva kuti tswa. Nditadina, magetsi a galimoto anaphethira kawiri.

Pakamwa panga mukupadziwa. Ndinafunsa a Ndinalipo, mwaulemu wonse komanso mokweza kuti ochapa onse amve, ngati analiponso pamene kabatireka kankagonekedwa chozondoka. Azimayi osita anaseka mpaka wina anatsala pang'ono kupsereza nsalu. Nsalu zonse ndinapereka nthawi isanakwane. Loweruka abwana anasaina pepala londikhazikitsa pa udalaivala, ndipo kiyi uja tsopano amapachikidwa pa msomali wolembedwa dzina langa. Ku simbi sindibwererako.

Dzulo a Ndinalipo anandisiyira kapu ya tiyi pa boneti ya galimoto. Inazizirira pomwepo. Anzanga akuti ndiwakhululukire, munthu wachita manyazi mokwanira. Ndidzatero, koma osati mwezi uno. Anandinamizira pamaso pa abwana, akapepesenso pamaso pa abwana. Chikomekome cha mkuyu ine ayi.

Tsopano pempho langa ndi limodzi. Abwana andiuza kuti makiyi a galimoto zisanu zotsalazo ndiziwasamalira ine, ndipo pini wanga wapindika, wakandanso kabokosi. Ndikufuna kampeni ka abambo kotsegulira mawotchi, kaja kopyapyala kokulungidwa ulusi wofiira kuchigwiriro. Kali kwa achimwene, m'bokosi limene anatenga maliro atangotha. Sindinaiwale tsikulo. Nditapempha chida chimodzi chokha, anandiseka pamaso pa amalume, amvekere zida si za atsikana, ndipo kuti laisensi yanga idzathera kukupizira moto. Chikhalireni bokosilo lili pansi pa bedi lawo likudya dzimbiri, iwo wotchi ya pamkono pawo anakakonzetsa kwa munthu wina.

Musandiuze kuti magazi salekana, ndikudziwa. Sindikufuna bokosi lonse, sindikufunanso mlandu. Kampeniko mukakatenge nokha, mukakulunge m'kansalu, mupatsire alamu akamabwera kuno kumapeto a mwezi. Achimwene akafunsa chimene ndikufuna kuchita nako, muwauze kuti ndikukagwiritsa ntchito. Yankho limenelo liwakwanira.

Mundiperekere moni kwa achemwali ndi alamu, kwa azakhali, ndi kwa amalume, amene ndikufuna kuti kalatayi aimve yonse. Adzukulu anu muwauze kuti ndikadzabwera ndidzawaonetsa laisensi, aigwire ndi manja. Akazi awo a achimwene muwapatse moni wochuluka, iwo alibe mlandu. Wa achimwene ndausunga kuno bwinobwino. Ndidzautumiza tsiku limene kampeni kadzafike m'manja mwanga.

Mankhwala aja musaiwale.

Ndine mwana wanu wachitatu,
uja abambo ankamuti Kamlomo