Zimene Lois Anapachika Pachitseko

Balbriggan,
Co. Dublin
14 September 2024

Okondedwa Achemwali Magdalena,

Mukukumbukira chaka chija munabwera kudzandiona ku koleji ku Zomba, mutanyamula mbatata ndi chiponde m'chikwama cha amayi? Ndi tsiku lomwe munamuona koyamba Lois. Mzere wa chakudya unali utafika panja, iye anangondigwira pamkono n'kuyamba kukuwa, "Tipatseni njira, mnzangayu ali ndi malungo, akomoka!" Ine ndinalibe malungo. Ndinazyolika ndi manyazi, koma anyamata anapatuka, ife n'kupeza nyama isanathe. Inu munaseka mpaka misozi, ndipo munakawauza amayi kuti asamade nkhawa za ine, ndapeza mnzanga wa pakamwa pokwanira anthu awiri. Kuyambira pamenepo mawu a kwathu akhala omwewo. Pobwera kuno, bola Lois aliko. Nditaterereka pa sitesheni mu January n'kuthyoka fupa la m'chiuno, bola Lois aliko.

Mwandifunsa kangapo za ulendo wathu wa pasitima yapamadzi, ine n'kumangokutumizirani zithunzi za mapiri a ku Norway. Pepani. Pa foni mawu amandithawa, mukudziwa. Bambo Benedicto, wansembe wa parishi yathu, akupita kumudzi kutchuthi ndipo avomera kunditengera kalatayi.

Ganizo la ulendowu linali la Lois. Anabwera kuno kunyumba n'kunena kuti ndakhalitsa m'nyumba ngati mphika wosweka, ndikufunika mphepo ya panyanja. Ndinakana poyamba. Ndinati ndidzangokhala katundu. Iye anati, "Katundu wa ndani? Ine ndilipo. Bambo a Joy avomera kale, akuti ndikakusamale bwino." Achemwali, ndinalira iye atapita. Ndinadziuza kuti ndi anthu angati kuno kunja amene ali ndi mnzawo wosiya mwamuna ndi mwana sabata yathunthu chifukwa cha iwo.

Manfred, mwamuna wake, bambo a Joy aja, ndiye anatiperekeza pagalimoto mpaka kudoko la Dublin. Anatsitsa zikwama, n'kundiuza kuti, "Alamu, mukabwere mutanenepa." Atangochoka, Lois anaitanitsa wilitcheya. Ndinamuuza kuti ndi ndodo zanga ndiyenda bwinobwino, dokotala amafuna ndiziyenda. Iye anati, "Khala pansi iwe. Waona mzere uwo? Ife ndi a priority."

Kumeneko ali ndi dongosolo loti anthu ena amalowa m'sitima anzawo asanalowe: amene alipira zipinda zodula, amene ayenda nawo kambirimbiri, ndi ovutika kuyenda pamodzi ndi amene ali nawo. Ena onse amadikira m'chiholo chachikulu ngati pachipatala. Lois akundikankha kudutsa khamu lonselo, panatulukira bambo wina wamtali, wovala chipewa, amene ndinkangomuona patali pa zikondwerero za a Malawi ku Ballymun. Lois anati, "Aa, a Jared! Nanunso muli pano? Muli nokha? Bwerani, gwirani chikwamachi." Kwa mtsikana wa pageti anangoti ameneyu ali nafe. Tinalowa atatu, mofulumira, popanda kuima pamene aliyense akanatiyang'anitsitsa. Ine ndinkanyadira mumtima kuti mwendo wangawu wathandizako munthu.

Chipinda chathu chinali chachikulu kuposa cha anzathu, chifukwa ndi cha anthu ngati ine: chitseko chotakasuka, bafa lopanda chopunthwitsa, zitsulo zogwira m'makoma. Tisanamasule n'komwe zikwama, kunagogoda mnyamata wosamala zipinda za mbali yathu. Anayamba m'Chingerezi, koma atamva Lois akundilankhula anamwetulira n'kuti, "Ah, ba sisi, ndimwe ba ku Malawi? Ine ndine Mubanga, wa ku Lusaka. Nizayamba kubwela kuseni na m'mazulo. Chilichonse mufuna, mukambe chabe." Ndinasangalala ngati ndakumana ndi m'bale. Lois sanaseke. Madzulo ake tinapeza mabedi atayalidwa, ndipo pa pilo wa Lois panali kanjovu kopindidwa ndi thaulo, maso ake a timapepala.

Tsiku lotsatira nyanja inavuta. Pansi pankapendama, ndodo zanga n'kumaterereka, ndipo ndinachita mantha kuti ndikagwanso fupa lija lidzatheratu. Lois anati ndisatuluke mpaka kutadekha. M'mawa ankabwera ndi mbale ya mazira ndi buledi, n'kukhala pabedi langa, kutsamiritsa tsaya lake pa langa, n'kujambula chithunzi. "Mwetulira, ndiwatumizire bambo a Joy." Akatero ankati akukaona pulogalamu ya tsikulo. Masana ankabweretsa mbale ina. Za usiku ankati amabwera ine nditagona kale, popeza mankhwala anga aululu amandigonetsa ngati mwala.

Apa ndiyenera kukuuzani zoona. Kanjovu kaja sikanasunthe pa pilo paja. Ndinkakaona m'mawa uliwonse. Ndinadziuza kuti Lois amakachotsa pogona n'kukabwezera podzuka, chifukwa ndi kokongola. Munthu amene ndimatha tsiku lonse ku labu ndikuyang'ana timadontho ta magazi kuti ndipeze chimene chabisala, ndinalephera kufunsa za bedi limene linali pafupi ndi mphuno yanga. Sindikudziwa ngati kunali kupusa kapena mantha. Mwina zonse.

Chimene chinkandipweteka nthawi imeneyo chinali china. Mubanga sanabwerenso. M'mawa ndinkamva kangolo kake kakubwera m'khonde, ndinkamumva akugogoda kwa oyandikana nawo, akuseka ndi azungu a chipinda chotsatira, kenako kangolo kaja n'kudutsa pakhomo pathu osaima. Matawulo ananyowa onse. Mbale za Lois zinaunjikana patebulo, chipinda n'kuyamba kununkha mazira. Ndinayamba kudzifufuza monga ndimachitira. Kodi ndinamuyankha mosayenera? Kodi anaona ndodozi n'kuganiza kuti chipinda cha wodwala chili ndi ntchito yonyansa? Foni inalipo pafupi ndi bedi, koma ndinkaopa kuoneka wovuta, ndiponso sindinafune kumuika mnyamatayo m'mavuto. Nditamudandaulira Lois anati, "Ndi mmene alili amenewa. Akaona wakuda mnzawo amayamba ulesi. Usiye, ndikamunenera kwa mabwana ake." Ndinamupempha kuti asatero. Koma mumtima ndinamukhulupirira, ndipo Mubanga ndinamuda.

Tsiku lachitatu ndili m'chipindamo, chakumasana, kunamveka kugogoda kolimba. Ndisanafike pachitseko chinatseguka, n'kulowa Mubanga ndi mayi wina wa yunifolomu yoyera, bwana wake. Mubanga anati, "Pepani ba sisi, tangena. Muli bwino? Simunagwe?" M'dzanja lake munali kachikwangwani kofiira, kaja mlendo amapachika kunja kwa chitseko akafuna kuti antchito asamusokoneze. Mayi uja anafotokoza kuti kachikwangwaniko kakakhala pachitseko, wantchito saloledwa kugogoda, koma kakakhalitsa lamulo lawo ndi loti alowe aone ngati munthu ali moyo. Ndinati ine sindinapachike kanthu. Mubanga anayang'ana mayi uja, n'kuyang'ana pansi. Anati, "Nenze kukaona kuseni na m'mazulo. Nenze kuganiza mufuna kupumula."

Anayeretsa chipindacho ine nditakhala pampando, manyazi atandigwira chifukwa cha mbale zija ndi chifukwa cha zimene ndinamuganizira. Anasintha nsalu za pabedi langa. Atafika pa la Lois anaima pang'ono, n'kungowongola kachitamba ka njovu ija. Potuluka anati nyanja yadekha, kunja kuli mapiri okongola, andiitanira munthu wa wilitcheya andikweze pamwamba.

Ndinawapeza kumeneko, achemwali. Anali pa mipando yogona ija ya pafupi ndi dziwe losambira, afunda bulangeti limodzi, Lois atavala chipewa cha a Jared. Sindinachite chilichonse chimene inu mukanachita. Ndinangomupempha wondikankha uja kuti andiike mbali ina, n'kuyang'ana mathithi akutsika m'phiri mpaka maso anandiwawa.

Lois anabwera kuchipinda madzulo dzuwa lisanalowe. Anaona matawulo atsopano, anaona kachikwangwani kali patebulo, n'kukhala pansi.

"Ndiye wandiona," anatero.

Ndinati, "Za a Jared ndi zako. Ine ndikufunsa za ichi."

"Iwe, mnyamata uja ndi wa ku Zambia, amamva zonse. Akanaona bedi losagonedwa m'mawa uliwonse. A ku Zambia adzaza ku Ballymun konse, ukudziwa mmene nkhani zimayendera. Ukufuna banja langa lithe chifukwa cha matawulo?"

"Ndikanagwa m'bafamo?"

"Koma sunagwe."

"Unandiuza kuti ndi waulesi."

"Nanga ndikanati chiyani?" Kenako anakweza mawu. "Yamiko, tisanamizane. Wapeza chipinda chachikulu, chakudya ndimakubweretsera mpaka pabedi. Ndani wina akanakutenga ndi mwendo umenewo? Tonse tapindula."

Mawu amenewo ndi amene sakundichoka. Chigololo cha anthu ndachiona chambiri kuno, sichindidabwitsanso, ndipo sindine woweruza. Koma ndakhala ndikubwerera m'mbuyo, chaka ndi chaka, kufunafuna tsiku limene Lois anandiitana kwinakwake popanda khomo limene ine ndinkamutsegulira. Mwina masiku oterowo alipo. Ndikufuna atakhalapo. Vuto ndi loti panopa sindikutha kuwasiyanitsa ndi enawo.

Masiku otsalawo ndinkatuluka ndekha. Mubanga ankagogoda m'mawa ndi madzulo monga analonjezera, ndipo ankandiuza nthawi imene kodyera kulibe anthu ambiri. Anandionetsa chithunzi cha ana ake awiri amene sanawaone kuyambira Khirisimasi. Ndinamupepesa, iye osamvetsa kuti ndikupepesa chiyani, ndipo sindinamufotokozere.

Tsiku lofika ku Dublin, otsika oyamba analinso omwe aja olowa oyamba. Lois anabwera ndi chikwama chake, a Jared ali chapatali, n'kugwira zogwirira za wilitcheya ngati palibe chinachitika. Mnyamata wotitsogolera anandifunsa kuti tili angati. Ndinati ndili ndekha. Mawu anatuluka aang'ono kwambiri moti anandifunsanso, ine n'kubwereza. Lois anachotsa manja ake pang'onopang'ono.

Choncho ndinatuluka iye atatsala m'mbuyo, ndipo panja ndinapeza Manfred ndi Joy atanyamula mitolo iwiri ya maluwa, wina wa amayi ake, wina wanga. Manfred anati, "Alamu! Nanga mnzanu? Anakusamalani bwino koma?"

Ndinali nditakonza bodza, ndinalinso nditakonza zoona zonse, koma palibe chimene chinatuluka mwa ziwirizi. Ndinati, "Amene anandisamala dzina lake ndi Mubanga." Anaseka, kuyesa nthabwala. Ataona kuti ine sindikuseka, anasiya. Ndinalandira maluwa kwa Joy, amene anandifunsa m'Chingerezi chake chija ngati ndinaona anangumi, n'kukwera takisi.

Sindikudziwa zimene zinakambidwa kunyumba kwawo. Lois anandiimbira kamodzi, kunena kuti ndine njoka, kuti zaka zonsezi wakhala akundinyamula pamsana. Mwina mbali ina akunena zoona. Kutchalitchi amakhala kutsogolo ndi banja lake monga kale, ine ndasamukira ku Misa ya m'mawa. Nthawi zina ndimaganiza kuti ndinalankhula zambiri, nthawi zina kuti ndinalankhula zochepa, ndipo Manfred, amene sanandilakwirepo, ndinamusiya ndi funso m'malo mwa yankho. Inu mukanatani?

Mwezi wamawa ndikubwerera kuchipatala kuti akaonenso chitsulo chimene anandiika m'chiunomu, ndipo amafuna munthu wodzanditenga. Ndapempha mayi wina wa ku Kerala, ku India, amene ndimagwira naye ntchito. Anavomera ndisanamalize kulankhula, zomwe zinandidabwitsa. Musade nkhawa, mwendo ukupeza bwino, pano ndimafika kunyanja ndi ndodo imodzi.

Ndili ndi zopempha ziwiri. Amayi ake a Lois mukakumana nawo ku Limbe, apatseni moni monga mwa masiku onse, iwo sakudziwa kanthu ndipo asadziwire kwa ife. Chachiwiri ndi amayi athu. Ndikudziwa kuti usiku amagona tulo chifukwa amakhulupirira kuti mwana wawo ali ndi womuyang'anira kuno. Sindikufuna muwanamize, komanso musawawerengere kalatayi. Mudzapeza mawu, inu mumawapeza. Chitenje chija amayi anati amugulira Lois, auzeni kuti achisunge kaye.

Moni kwa alamu, kwa mwana wanu Luka ndi mayeso ake, ndi kwa amayi, muwagwire dzanja m'malo mwanga. Makalata anga onse ndimatsiriza ndi moni wochokera kwa Lois, ngakhale masiku amene sanandipatse. Lero mulandire wanga wokha.

Bambo Benedicto aimitsa galimoto panja ndipo aliza kale hutala. Envulopu ndilibe, ndingopinda mapepalawa n'kuwapatsa m'manja.

Ndine mng'ono wanu,
Yamiko