Chikalata cha pa 31 September

08:52 Amake mapasa: madam a laibulale, ndili mu room 6 ndekha. mayeso a zamagetsi ndi 9 koloko koma anzanga 23 kulibe, aphunzitsinso kulibe
08:53 Amake mapasa: ndawaika aphunzitsi mu group muno koma sakuyankha
08:55 Laibulale: anthu ali kuti
08:55 Amake mapasa: akuti mayeso asinthidwa. pa group ya class pakuzungulira ichi 📷
08:57 Laibulale: chikalata ichi ndinalemba ndine
08:58 Laibulale: chabodza, cha phunziro la lachiwiri lija lozindikira fake news. ndinaonetsa pa projector, pansi panali mawu ofiira akuti CHITSANZO
08:58 Amake mapasa: wojambulayo anadula pansipo
08:59 Laibulale: inu mwabwera bwanji
09:00 Amake mapasa: ndinafunsa mafunso anu aja. walemba ndani, liti, kwina kulikonse zalembedwa? deti ndi 31 september. wosaina ndi principal amene anapuma ntchito mapasa asanabadwe
09:01 Amake mapasa: madam ndikuopa. ndikapanda kulemba lero certificate mpaka chaka chamawa, ntchito imene andilonjeza akundidikira mwezi uno basi. ana ndasiya kwa apongozi, ati mpaka 12 osapitirira
09:02 Laibulale: khalani pompo

09:10 Laibulale: aphunzitsi
09:16 Laibulale: aphunzitsi plz

09:24 A Zamagetsi: 🎤 0:38
09:26 Laibulale: ndikungomva madzi
09:27 A Zamagetsi: ndikutsuka galimoto. musavutike mayi, asinthidwa. chikalata chili official, chili ndi stamp
09:28 Laibulale: werengani stamp
09:31 A Zamagetsi: "bwezani bukuli pasanathe masiku 14"
09:31 Laibulale: ya pa desiki yanga
09:32 A Zamagetsi: koma ananditumizira ndi class rep
09:33 Amake mapasa: class rep akuti munatumiza ndinu sir
09:33 A Zamagetsi: ine ndinangopanga forward
09:34 Laibulale: mwachitenga kuti
09:34 A Zamagetsi: 🚫 uthenga wafufutidwa
09:36 Laibulale: lachiwiri munali kumbuyo ndi foni mmwamba. ndimayesa mukulemba notes

09:49 Amake mapasa: sir?
09:58 Amake mapasa: a cleaner akufuna kutseka room. ndawauza akolope mondizungulira

10:12 Amake mapasa: aphunzitsi afika!! buluku lonyowa, ma slippers, mapepala mmanja. awauza anzanga pa group kuti abwere, atatu ayankha kuti ndi fake news
10:13 Laibulale: ayamba kumva
10:13 Amake mapasa: zkm madam. foni ndikuzimitsa
10:14 Laibulale: mulembe bwino amake mapasa

10:20 Laibulale: aphunzitsi, phunziro lija ndibwereza lachiwiri 10 koloko. mpando wanu ndi wakutsogolo, foni musiya pa counter
10:41 A Zamagetsi: ndi zoona?
10:42 Laibulale: fufuzani